Makompyuta anayi a kalabu yathu ku Zingwangwa: zomwe zavuta ndi momwe tazikonzera

2 Ogasiti 2025

Makompyuta afika lero cha m'ma 10 koloko, chiperoni chikuwaza. Atatu ndi a patebulo, awiri a Dell OptiPlex 790 ndi imodzi ya HP. Yachinayi ndi laputopu ya HP yomwe chivundikiro chake chikulendewera mbali imodzi. Pabweranso mamonita atatu, makiyibodi atatu ndi jumbo lodzaza mawaya opotana ngati zingwe za maungu. Yatipatsa ndi ofesi ina ya ku Ginnery Corner yomwe yagula zatsopano. Mmodzi mwa ife amalondera kumeneko, ndiye anamva kuti katunduyu akungodya malo, n'kukapempha.

Kwa omwe simutidziwa, ndife anthu 23 omwe timakumana Loweruka masana m'kachipinda kapambali pa tchalitchi china kuno ku Zingwangwa. Timasonkha K2,000 pamwezi. Chiyambireni takhala tikuunjikana pa laputopu yanga imodzi, wina akulemba, ena khumi akusuzumira paphewa. Tikufuna kuti pofika Disembala makina onse anayi azigwira ntchito, anthu aziphunzirapo kulemba kalata ndi CV, kusunga mabuku a banki m'khonde, komanso kudziteteza kwa akuba a pafoni ndi pa intaneti.

M'thumba muli K180,000. Galimoto yonyamula katunduyu yatenga K12,000.

9 Ogasiti

Tsiku lotsegula mimba. Tisanalumikize chilichonse kumagetsi, tatulutsa makina onse pakhonde n'kuwavundukula. Mu HP munatuluka mphemvu ziwiri zamoyo, ndipo fumbi lomwe linamatirira pa fani linali lochindikala ngati bulangeti. Chopemerera tilibe, ndiye tagwiritsa ntchito pampu ya njinga ndi burashi yatsopano ya penti ya K2,500. Popopa muzigwira fani ndi chala kuti isazungulire mwaphuma. Ife yoyamba tinaiwala, inalira ngati ndege.

Titayatsa, iliyonse inaonetsa matenda ake. Dell yoyamba inayaka bwinobwino, koma tsiku ndi nthawi zinali zabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo titailumikiza ku foni yanga tsamba lililonse la pa intaneti limakana kutseguka, likuchenjeza kuti silotetezeka. Mnyamata wathu wa Fomu 4, yemwe ndi amene amadziwa zamkati kuposa tonsefe, anati ndi vayirasi. Sanali vayirasi. Kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo ka pa motherboard, ka CR2032, kanatha mphamvu. Kakatha, kompyuta imaiwala tsiku nthawi zonse ikachotsedwa kumagetsi, ndipo tsiku likalakwika pulogalamu yotsegulira intaneti imaona ziphaso za masamba ngati zabodza. Tagula mabatire atatu kwa wokonza mawotchi, K2,500 lililonse, n'kusintha makina onse a patebulo.

Dell yachiwiri fani imazungulira koma monita ili bii. Tinazula RAM, kachipangizo kosunga zomwe kompyuta ikugwira pa nthawiyo, n'kupukuta timano take tagolide ndi labala wofufutira pensulo, n'kubwezera mpaka kumva kuti ka! Yayaka. Ndalama sizinatulukepo, ndipo ndi pomwe msungichuma wathu anamwetulira koyamba.

HP imayaka, koma pakatha mphindi khumi imazima yokha. Phala lomwe limakhala pakati pa processor ndi chitsulo chake choziziritsa linauma n'kusanduka ufa. Thermal paste K6,000. Kadontho konga njere ya chimanga n'kokwanira, musamapake ngati majarini.

16 Ogasiti

Lero sitinakonze kalikonse, tangokangana.

Mu Dell yoyamba tapeza mafayilo onse a ofesi ija ali chikhalire: ndandanda ya malipiro a antchito, makalata ochenjeza anthu ojomba, ndi zithunzi za ziphaso zaunzika za anthu oposa makumi awiri. Panalibe ndi pasiwedi yomwe. Achinyamata anayamba kuseka, wina akuwerenga mokweza kuti bwana amalandira zingati. Aphunzitsi, bambo wopuma pantchito amene ndi wamkulu mwa tonse, anangoimirira n'kuzimitsa monita.

"Ana inu, chikanakhala chiphaso cha amayi anu bwenzi mukuseka?"

Chipinda chinati zii. Ndinaimba foni ku ofesi kuja kuwauza zomwe tapeza. Amene anayankha anati, "Ingofufutani basi." Sanafunse n'komwe kuti aona ndani. Ine zinandiwawa, chifukwa chithunzi cha chiphaso ndi chomwe mbava imafuna kuti inamizire kukhala munthu wina, makamaka pomwe kuyambira 2018 nambala ya foni iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act ya 2024, koma lamulo silingalowe m'sitolo ya ofesi n'kupukuta disiki.

Tagwirizana kuti palibe wotsegulanso mafodawo, ndipo sitingodina delete. Fayilo yofufutidwa choncho imakhala ikadalipo pa disiki, kungoti dzina lake lachotsedwa pa mndandanda, ndipo mapulogalamu oibwezeretsa ali mbwee. Tidzalemba maziro pa disiki yonse. Inunso mukamagulitsa laputopu kapena foni yakale, muzikumbukira nkhani iyi.

23 Ogasiti

Ma Dell onse awiri ali ndi Windows 7, yomwe Microsoft inasiya kuitumizira zigamba zachitetezo pa 14 Januwale 2020. HP ndi laputopu zili ndi Windows 10, yomwe nayo ikusiyidwa pa 14 Okutobala chaka chino. Windows 11 singalowe mwa njira yake m'makina amenewa, chifukwa imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi ma processor atsopano kuposa athuwa.

Ine ndi mnyamata uja tinati tiike Linux Mint 22, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, mtundu wa Xfce womwe ndi wopepuka. Ndi yaulere, imabwera ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama, ndipo izilandira zigamba mpaka 2029. Mayi wina amene akufunafuna ntchito ya ulembi anakana kwamtuwagalu. Anati kumaofesi kuli Windows, ndipo sangakalowe intaviyu n'kumanena kuti anaphunzira china chake chomwe bwana sanachimvepo. Anali ndi mfundo. Tapangana kuti atatu alandira Mint, HP ya patebulo ikhala ndi Windows 10.

30 Ogasiti

Ndinapita ku Limbe ndekha, ndipo ndabwerako nditalakwitsa kawiri.

Dell yachiwiri ili ndi RAM ya 2GB yokha, ndiye ndimafuna kuwonjezera 4GB. Ndinauza wogulitsa kuti DDR3, anandipatsa DDR3, K18,000. Kufika kuno, n'kafupi: ndi ya laputopu, singalowe m'makina a patebulo. Ndinabwerera Lolemba, ndawonjezera K4,000 kuti andisinthire. Mukamakagula RAM muzinyamula yakaleyo m'thumba, mukaiike pambali pa yatsopanoyo muone kutalika ndi pomwe pali kampata.

Kulakwa kwachiwiri ndiko kwandipweteka. Mnyamata wina wa pathebulo anandionetsa fulashi yolembedwa 64GB pa K14,000, pomwe m'sitolo ya 16GB amagulitsa K17,000. Mtima unandiuza kuti pali chinachake, koma thumba linapambana. Pa kompyuta imaonetsadi 64GB. Titaiyesa ndi kapulogalamu ka H2testw, komwe kamadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenga zomwe kalemba, tapeza kuti malo enieni sakufika ndi 8GB yomwe. Fulashi yotere ndi yoopsa kuposa yakufa, chifukwa imalandira mafayilo mwaulemu, mayina akuoneka, koma tsiku lomwe mudzawafune mudzapeza kuti satseguka. Nditabwerera mnyamata uja anali atasamuka ndi thebulo lake lomwe. Ndagula ya 16GB ya m'sitolo ija. Yabodzayo taikoleka pa msomali pakhoma kuti aliyense aziiona.

Minibasi maulendo awiri, K6,000.

6 Seputembala

Fayilo ya Mint ndi yaikulu pafupifupi 3GB. Ndinagula bando ya K10,000 n'kuyamba kudawunilodi usiku netiweki ikakhala yopepuka. Ulendo woyamba inaduka cha pakati ine ndili m'tulo. Wachiwiri inatha, ndipo ndisanailembe pa fulashi ndinafananiza nambala yake ya SHA256 ndi yomwe ili pa tsamba la Mint kuti nditsimikize kuti yafika yathunthu. Poilemba pa fulashi ndinagwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus.

Pa Dell, ukangoyatsa umadina F12 kuti usankhe kuyambira pa fulashi. Pa HP ndi F9. Tinataya theka la ola tikudina F12 pa laputopu ya HP, tikudabwa.

Tisanaike chilichonse tinatsegula pulogalamu ya Disks n'kusankha kufufuta polemba maziro pa disiki yonse. Pa Dell yoyamba zinatenga pafupifupi maola awiri. Pa yachiwiri, Disks inaonetsa kuti disiki ili ndi malo ambiri owonongeka, ndipo ukatchera khutu imamveka tiki, tiki. Sitinalimbane nayo. Tinaichotsa, ndipo popeza inalinso ndi mafayilo a anthu, mlonda wathu uja anaiboola ndi msomali wa mainchesi 6 malo atatu. M'malo mwake tagula SSD, disiki yamakono yothamanga, ya 128GB pa K42,000, ndalama yaikulu kuposa ina iliyonse mpaka pano. Msungichuma anadandaula, koma makina omwe anali odwalitsitsa ndi omwe tsopano akuyaka msanga kuposa onse.

Laputopu inalandira Mint koma Wi-Fi osaoneka. Kadi yake ndi ya Broadcom, yomwe imafuna driver wapadera, kapulogalamu koiyendetsa, ndipo driver ameneyo umamutenga pa intaneti yomwe ulibeyo. Njira yake ndi kulumikiza foni ndi waya wa chaja, kuyatsa USB tethering, kenako kutsegula Driver Manager. Mphindi zisanu, zatheka.

HP ya Windows tinaichita Reset, n'kusankha kuchotsa zonse ndi kuyeretsa disiki. Zomwe sitinaganizire n'zoti Word ndi Excel zipita limodzi ndi mafayilo, ndipo layisensi yake inali ya ofesi ija. Mayi wofuna ulembi uja anangondiyang'ana. Wina anati ali ndi Office "yothyola" pa fulashi yake. Takana. Sitingakhale kalabu yophunzitsa anthu kupewa mavayirasi uku tikuika tokha pulogalamu yosadziwika komwe yachokera. Taikamo LibreOffice, yomwe imatha kusunga fayilo ngati ya Word.

20 Seputembala

Loweruka lapitali sitinakumane, anthu anali kalikiliki ndi chisankho cha pa 16. Lero tangophunzira kugwira mausi ndi kusunga fayilo. Agogo ena amanyamula mausi m'mwamba akafika kumapeto kwa tebulo n'kumayiyendetsa m'malere. Zosonkha za Seputembala zalowa K34,000.

27 Seputembala

Magetsi anazima cha m'ma 2 koloko tili pakati pa phunziro. Tinakhala pakhonde tikucheza, osazula kalikonse pakhoma. Atabwerera tinamva phaa! kenako fungo la pulasitiki yopserera. Power supply ya Dell yoyamba, kabokosi kogawa magetsi mkati mwake, yapita.

Mlandu ndi wathu. Makina atatu ndi mamonita awo onse anali pa ekisitenshoni imodzi yotchipa yomwe ndinabwera nayo kuchokera kwathu, ya mawaya oonda, yopanda fyuzi, ndipo mapulagi ena a mano awiri tinachita kuwakakamiza m'mabowo ndi chivindikiro cha bolopeni. Tonse timadziwa kuti magetsi akamabwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Kunyumba timathamangira kukazula TV. Pano tinaiwala.

UPS, bokosi la batire losunga moto magetsi akazima, sitingaikwanitse. Tagula fridge guard ya K28,000, yomwe imadula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri, komanso imadikira kanthawi isanawalole kulowa akabwerera. Siisunga moto, ndiye zomwe ukulemba zimatayikabe magetsi akazima, koma makina amapulumuka. Ekisitenshoni yabwino ya fyuzi K16,000. Power supply yakale yochotsedwa m'makina ena K25,000, ndipo apa ndinanyamula yopsayo popita kukagula, chifukwa ma Dell a bokosi laling'ono salandira ina iliyonse. Phunziro la ku Limbe lija silinapite pachabe.

M'thumba mwatsala K6,000.

4 Okutobala

Makina onse anayi akuyenda, ndiye lero tinayamba gawo la chitetezo. Lalephereka, ndipo ndalephera ndine.

Ndinakonza mapepala awiri odzaza, n'kufotokopa pa K3,000. Ndinafotokoza za phishing, komwe ndi kubera anthu ndi mauthenga onyenga, za MACRA, bungwe loyang'anira mafoni ndi intaneti, za lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Ndinalankhula mphindi 40. Anthu amagwedeza mutu mwaulemu, awiri anawodzera ndi kutentha kwa Okutobala, ndipo nditafunsa ngati alipo anaberedwapo pafoni, palibe anakweza dzanja. Aliyense amadziwa "mnzake wina" kapena "mlamu wake wa ku Bangwe" amene zinamuchitikira. Potuluka ndinaona pepala langa lina litakulungidwa mtedza.

11 Okutobala

Ndinabwera wopanda pepala. Ndinayamba ndi kuchotsa fulashi ija pa msomali n'kufotokoza momwe ndinaponyera K14,000 ya kalabu m'madzi, ine amene ndimadzitcha wodziwa. Anthu anaseka. Kuseka kutatha, amayi ena ogulitsa tomato, omwe chiyambireni sanalankhulepo mawu opitirira moni, anati, "Inenso ndinene zanga?"

Mu Malichi anawaimbira bambo wina wa mawu ofatsa, akuti ndi wa ku kampani ya foni. Anawatchula dzina lawo lonse. Anati akaunti yawo ya ndalama itsekedwa lero lomwe chifukwa chiphaso sichikugwirizana ndi nambala, koma atha kuwathandiza pompo ngati atsatira zomwe awauze. Nthawiyo n'kuti makasitomala atatu ali chiimire pa benchi. Bamboyo amawauza manambala oti adine, mmodzimmodzi, mofulumira, iwo akudina osawerenga zomwe zikutuluka pa sikirini. Pomaliza anati aike nambala yawo yachinsinsi "kuti titsimikize kuti ndinudi". Iwo sanamuuze PIN, ndipo pa chifukwa chimenechi amaganiza kuti ndi otetezeka. Sanadziwe kuti manambala aja anali masitepe otumizira ndalama. Inapita K85,000, ndipo sinali yawo, inali ya banki m'khonde.

Anakhala miyezi isanu ndi iwiri osauza munthu, ngakhale amuna awo. Anabweza pang'onopang'ono kuchokera pa tomato.

"Ndimaopa kuti anena kuti ndadya ndine," anatero. "Kapena kuti ndine wopepera."

Aphunzitsi anati, "Mayi, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mwachita bwino." Kenako iwo omwe anaulula kuti anatumizapo K20,000 kwa munthu wonamizira kuti mdzukulu wawo wavulala kusukulu. Nditafunsanso funso la sabata yatha lija, manja anakwera 9 mwa anthu 17.

Nkhani zake zimafanana modabwitsa. Uthenga woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", womwe amauponya kwa anthu ambirimbiri podziwa kuti mmodzi mwa iwo alidi ndi ngongole yoti abweze lero. Woti "ndatumiza molakwika, chonde bwezani, ndi ya maliro". Woti mwasankhidwa kulandira Mtukula Pakhomo kapena feteleza wotsika mtengo koma mulipire kaye ya fomu. Ntchito ya pa Facebook yofuna ndalama ya intaviyu. Paliponse pali changu, ndipo wakubayo salola kuti udule foni.

Ndiye tinachita sewero. Ndinatumizira anthu asanu uthenga wochokera pa foni yanga, wolembedwa ndendende ngati wolandila ndalama. Atatu anakhulupirira. Tinaika mafoni pamodzi n'kuyang'ana pamwamba pa uthenga: weniweni umabwera ndi dzina la kampani n'kulowa pansi pa mauthenga akale a ndalama, pomwe wangawo unachokera pa nambala wamba ya manambala khumi. Ngakhale zili choncho tinagwirizana kuti uthenga si umboni. Umboni ndi balansi yomwe wadzionera wekha, *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba. Kenako anthu anakhala awiriawiri, wina wakuba wina woimbiridwa, kuyeserera chinthu chimodzi chokha: kunena kuti "ndikuimbirani" n'kudula. Zikumveka zophweka, koma kwa munthu woleredwa kuti sudula mawu a wamkulu n'zovuta zedi. Amayi a tomato aja anachita kubwereza kanayi kuti adule osapepesa.

Tinaweruka mdima utagwa. Sitinayatse ndi kompyuta imodzi yomwe.

18 Okutobala

Windows 10 inasiyidwa Lachiwiri lapitali. HP ikuyaka monga mwa masiku onse, ndipo n'chifukwa chake anthu sakhulupirira kuti pasintha kanthu. Microsoft ili ndi ndondomeko yotchedwa ESU yowonjezera zigamba mpaka Okutobala 2026, koma imafuna akaunti ya Microsoft ndi bando yomwe tilibe. Ife taichotsa HP pa intaneti. Izikhala yophunzirira kulemba basi. Amene muli ndi Windows kunyumba ndipo mumailumikiza ku foni, muziika Wi-Fi imeneyo pa metered connection, yomwe imauza Windows kuti isamale bando, apo ayi bando ya sabata ithera ma update musanatsegule ndi tsamba limodzi lomwe.

Kuichotsa pa intaneti sikunaitchinge ku mafulashi. Mtsikana wina anabwera akulira kuti CV ndi zithunzi za satifiketi yake ya MSCE zasowa, atapita kukapulinta kwinakwake m'tauni. Pa fulashi pamangooneka ma shortcut a kamuvi pakona. Tinamugwira dzanja asanadine. Vayirasi ameneyu safufuta mafayilo, amangowabisa n'kuika ma shortcut ake, ndipo ukadina ndi pomwe amalowa m'kompyuta. Tinaika fulashiyo mu Dell ya Mint, mafayilo onse anaoneka poyera pamodzi ndi tizinyalala ta vayirasiyo. Tinakopera zake, n'kufomata fulashi. Amene muli ndi Windows yokha, mu Command Prompt lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma E musinthe ndi chilembo cha fulashi yanu, ndipo mukatero mufufute ma shortcut aja osawatsegula.

Lamulo latsopano talimata pa monita ya HP: fulashi iliyonse iziyamba yadutsa ku Mint.

1 Novembala

Lachinayi usiku gulu lathu la pa WhatsApp linalandira uthenga wochokera kwa msungichuma woti mwana wagonekedwa kuchipatala, tithandize msanga pa nambala ina. Anthu awiri anaimba foni mwachindunji asanatumize kalikonse, n'kupeza msungichuma akudya nsima, mwana ali gwa. Palibe anataya ndalama. Ndikanakonda kunena kuti ndi chifukwa cha mapepala anga aja, koma onse awiri anati anakumbukira amayi a tomato.

Chomwe chinachitika n'choti munthu wina analembera msungichuma ngati mnzawo wa kutchalitchi, akuti watumiza manambala 6 pa foni yawo molakwika, amuwerengere. Manambala amenewo ndi omwe WhatsApp imatumiza munthu akamalembetsa nambala yako pa foni ina. Atangowapereka, akaunti inasamuka. Kubweza kwake sikunavute: tinalembetsanso nambala yawo pa foni yawo, khodi yatsopano inabwera pa SMS, wakuba uja n'kutulutsidwa. Tinachita mwayi kuti anali asanaike PIN yakeyake, chifukwa zikanatero tikanadikira masiku 7.

Lero tonse tinakhala pansi, foni m'manja: Settings, Account, Two-step verification, aliyense kuika PIN ya manambala 6. Kenako Linked devices, kuona ngati pali makina achilendo. Mayi wina anapezamo kompyuta yomwe sakuidziwa, yolumikizidwa kuyambira kalekale. Anakhala chete kanthawi, n'kunena kuti akudziwa kuti ndi ndani. Sitinafunse.

Achinyamata anayi anali ndi GB WhatsApp. Amaikonda chifukwa imaonetsa mauthenga ofufutidwa. Ndawauza kuti si ya eni ake a WhatsApp, palibe akudziwa zomwe imachita ndi mauthenga awo, ndipo akaunti itha kutsekedwa. Awiri achotsa. Awiri akuti aganize kaye.

15 Novembala

Mvula yoyamba yatisonyeza pomwe denga likudontha: pamwamba penipeni pa Dell ya SSD. Madzi anangonyowetsa kiyibodi, yomwe taiyanika chozondoka masiku awiri ndipo yachira. Tasuntha matebulo kuchoka kukhoma la kumbali ya phiri la Soche, makina tawakweza pa njerwa, ndipo tagula pulasitiki yakuda ya K9,000 yofunditsa tikaweruka.

Phunziro linali la mapasiwedi. Ndinapempha kuti amene PIN yake ndi chaka chobadwa, chake kapena cha mwana, aimirire. Anatsala pansi ndi ochepa, ndipo mmodzi mwa otsalawo anaulula kuti yake ndi 1234. Chaka chobadwa chili pa chiphaso chomwe timapereka kwa aliyense wotipempha.

Apa tinasemphana ndi mnyamata wa Fomu 4 uja. Iye amati pasiwedi salemba papepala, anawerenga choncho. Ine ndaona anthu ambiri akutsegula akaunti yachitatu ya Facebook chifukwa anaiwala ziwiri zoyambazo, ndipo wina amene anawatsegulira Gmail pogula foni ndi amene amadziwa pasiwedi yawo, eni ake osaidziwa. Kwa anthu athuwa, kope laling'ono losungidwa m'sutikesi kunyumba ndi lotetezeka kuposa pasiwedi imodzi yofooka yogwiritsa ntchito paliponse. Wakuba wa pa intaneti sangafike m'sutikesi. Tamvana kuti mapasiwedi azikhala mawu anayi a Chichewa osagwirizana olumikizidwa pamodzi, azilembedwa m'kope, koma PIN ya ndalama isalembedwe paliponse, makamaka kuseri kwa foni, komwe agogo athu ena anaimata ndi selotepi.

29 Novembala

Msungichuma wawerengera. Zolowa zonse ndi K276,000, kuphatikiza zosonkha za Okutobala K32,000 ndi za Novembala K30,000. Zotuluka ndi K260,000, momwe muli bando ya miyezi iwiriyi K30,000 ndi mayunitsi a magetsi K10,000 omwe tapereka kwa eni chipinda. Pa ndalama yonseyi, K69,000 inapita chifukwa chosazula mapulagi tsiku limodzi, ndipo K18,000 ndi ya zolakwitsa zanga za ku Limbe. Zatsala K16,000.

Makina onse anayi akuyaka. Batire la laputopu silisunga moto kupitirira mphindi zisanu, ndipo chivundikiro chake tachimanga ndi selotepi yakuda mpaka tidzapeze hinji. Pulinta tilibe. Mayi wofuna ulembi uja walemba CV yake, waisunga ngati PDF, ndipo wadzitumizira pa imelo kuti asadalirenso fulashi. Achinyamata awiri a GB WhatsApp aja akuganizabe.

Amayi a tomato apempha kuti Loweruka likudzali tikachite sewero la kudula foni lija ku gulu lawo la banki m'khonde ku Chilobwe, ndipo akuti wakuba akakhala iwowo. Tikufunika K8,000 ya minibasi ya anthu anayi. Denga likadali lodontha.